Fyuzi ya Galimoto ya a Mhango

Zaka zoyamba, ku Old Town ndi ku Kasungu

Ana anga, pa zaka makumi atatu ndi zisanu ndi ziwiri zimene ndinagwira sipanala, ndinanamizapo mwini galimoto kamodzi kokha. Ndinatukwanapo anthu, ndinakwapulapo mnzanga ndi chubu cha tayala, ndinafikapo pa ntchito ndi matsire, ndipo zimenezo amayi anu angakusimbireni bwino kuposa ine. Koma bodza la pa galimoto linali limodzi, ndipo amene ndinawanamizawo anali munthu amene ndinkamukonda kuposa makasitomala onse. Mutu uno ndi wa bodza limenelo. Za ubwana wanga ku Nathenje munazimva mpaka kutopa nazo, choncho ndiyambira pa geti la galaja.

Galajayo inali kuseri kwa mashopu ku Old Town, cha kumunsi kufupi ndi mtsinje. Mwini wake anali a Rashidi, mmwenye wobadwira konkuno, wodziwa Chichewa mpaka kutukwana kwake komwe. Abale awo ankagulitsa nsalu ndi malata, iwo okha ndiwo anasankha girisi. Tsiku loyamba sanandifunse za satifiketi. Anandipatsa beseni la mabawuti osakanikirana kuti ndiwasankhe, ndipo nditamaliza madzulo anandiimika pakati pa galaja nʼkunena kuti, "Kamwendo, pano lamulo ndi limodzi. Chitsulo chilichonse chimene wachotsa pa galimoto ya munthu, umʼpatse mwini wake mʼmanja. Achione, achinunkhize ngati akufuna. Makaniko wobisa chitsulo chakale ndi mbala yovala ovolosi." Anali bwana wovuta, sankayamika ntchito pamaso, koma sanandiuzepo kuti ndinamize kasitomala ngakhale tsiku limodzi.

Patatha zaka zisanu ndi chimodzi ananditumiza ku Kasungu kukasamalira malole a abale awo onyamula katundu wa mʼmashopu. Kumeneko ndi kumene ndinaphunzira umakaniko wa mʼnthawi ya usiwa. Zitsulo zatsopano sizinkapezeka, gasiketi tinkadula tokha pa katoni yolimba, ndipo lole imodzi ikafa inkasanduka nkhokwe ya zinzake. Nditabwerera ku Lilongwe patatha zaka zinayi, a Rashidi anandipatsa ufolomani mosakondwerera nʼkomwe, ngati akundipatsa chilango.

Chaka changa cha makumi awiri ndi zitatu pa ntchito

A Mhango anali kasitomala wathu kuyambira kale. Kwawo kunali ku Rumphi, ankagwira ntchito yaikulu mʼboma ku Capital Hill, ankakhala mʼnyumba ya boma ku Area 11, ndipo anali mkulu wa mpingo wovala tayi ngakhale Loweruka. Galimoto yawo inali yoyera, yakale, yofatsa ngati mwini wake, ndipo ankaiyendetsa mochedwa moti oyendetsa minibasi ankawaimbira hutala kuchokera pa mlatho mpaka ku City Centre. Ankasunga kabuku kolembamo tsiku lililonse limene tathira oyilo. Ine ankanditcha "a Injiniya," ine wa Sitandade 8, ndipo ndisakunamizeni, dzinalo linkandikoma.

Akazi awo atamwalira anasowa kwa miyezi ingapo. Kenako tsiku lina Loweruka mʼmawa anatulukira ali ndi pepala mʼmanja, nʼkundiitanira pambali ngati munthu wofuna kuulula tchimo. Pa pepalapo panali chithunzi cha galimoto ya ku Japan yogwiritsidwapo kale ntchito, yabuluu, yaifupi pansi, yokhala ndi bowo lalikulu pa boneti ndi phiko kumbuyo.

"A Injiniya, mukuiona bwanji iyi?"

"Ndi ya mwana wanu uti, bwana?"

"Ndi yanga."

Ndinaseka mpaka kukhosomola, koma nditakweza maso ndinaona kuti iwo sakuseka. Ndinawauza zonse mosabisa. Galimoto imeneyi ili ndi tabo, kachitsulo kozungulira mwaliwiro kamene kamakankhira mpweya mu injini kuti ikhale ndi mphamvu zoposa msinkhu wake, ndipo kachitsulo kameneko sikakhululuka. Imafuna oyilo wabwino, petulo woyera, ndi mwini wake womvera. Ili pansi, misewu yathu ndi maenje okhaokha, ndipo zitsulo zake simungazipeze pa msika wa ku Old Town. Ndinawonjezanso kuti anthu a ku mpingo adzati a Mhango apenga ndi umasiye.

Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Moyo wanga wonse ndakhala ndikuchita zoyenera. Ndaphunzitsa abale, ndamanga nyumba ya makolo, ndasayina zimene anandiuza kuti ndisayine. Amayi a ana ankaona ndikucheukira galimoto zotere pamsewu, nʼkumati, mudzagule tikadzapuma. Iwo apuma kale, a Injiniya. Ine ndidikirenso chiyani? Zovuta zonse mwanenazo ndi chifukwa chake ndabwera kwa inu."

Pamenepo ndinangowauza kuti ngati ndi choncho tisagule mwachimbulimbuli. Kudzera mwa munthu woitanitsa magalimoto, ndinaumiriza kuti ogulitsa atumize zithunzi za pansi pa galimoto kuti tione dzimbiri, za mkati mwa chivundikiro cha oyilo, ndi kanema wa utsi injini itangolizidwa mʼmawa. Ziwiri tinazikana, yachitatu ndinavomera. Itatsika pa doko ku Dar es Salaam nʼkuyendetsedwa kufika ku chipata cha Songwe, a Mhango anakandipemphera tchuthi kwa a Rashidi ndipo tinakwera basi awiri kukailandira. Ndinaigona pansi kwa ola lathunthu iwo ataima padzuwa ndi ambulera. Titailiza, mawu a mayi wa Chijapani anatuluka pa kabokosi ka pafupi ndi chiwongolero, kulankhula zimene palibe anazimva. A Mhango anavula chipewa nʼkuyankha kuti, "Yewo, mama." Kuyambira tsiku limenelo ankamuyankha choncho nthawi iliyonse akaliza galimoto.

Kuchokera ku Karonga anayendetsa ngati ali pa mdipiti wa maliro. Titafika pa chitunda cha Chiweta ndinatopa nazo. "Bwana, mwagula kavalo kuti muzimukoka pa chingwe? Bwezani giya, pondani moto." Anaponda. Tabo inaliza kamluzu kake, mpando unatikankha kumsana, ndipo lole imene inali kutsogolo kwathu tinaisiya ngati yaima. Mkulu wa mpingo uja anakuwa mʼChitumbuka mawu amene sindinawamve, nʼkuseka mpaka misozi. Kuyambira pa maliro a akazi awo, kanali koyamba kuwaona mano.

Titafika ku Lilongwe ndinasintha lamba wa injini, oyilo, mapulagi ndi madzi onse ndisanawalole kupita nayo kunyumba, ndipo zakalezo ndinawapatsa mʼkatoni. Kenako ndinawalembetsa malamulo mʼkabuku kawo. Mʼmawa ilire kaye, ifunde, musanaiponde. Mukachokera pa ulendo musazimitse pompo, idikireni mphindi ziwiri tabo izizire. Oyilo tizisintha nthawi yake isanakwane, chifukwa fumbi lathu si la ku Japan. Pa mahampu muzidutsa chopingasa. Petulo wa mʼzigubu, ngakhale akugulitsa ndi mʼbale wanu, ayi. Anasunga malamulowo kuposa mmene ine ndimasungira khumi a mʼBaibulo aja.

Zaka za kusowa kwa mafuta

Akuluakulu mwa inu mukukumbukira mizere ya magalimoto imene inkazungulira mafilingʼi siteshoni, anthu kutha tsiku lonse akudikira thanki imene mwina sibwera. Magalimoto ambiri a tabo mu mzinda uno anafa nthawi imeneyo, osati ndi ngozi, koma ndi petulo wosakaniza ndi parafini. Ya a Mhango inapulumuka chifukwa cha liuma lawo. Ankaima pa mzere ndi nyuzipepala ndi fulasiki ya tiyi, ndipo akafika nayo kuchokera kutali ankaisiya ikulira mphindi zake ziwiri, wotchi ili mʼmanja, anthu akuwanena. "Madala, mukuwotcha petulo pamene ife tikumufuna?" Iwo ankangoyankha kuti, "A Injiniya anatero."

Tsiku lina anafooka. Kunali ukwati wako iwe Chisomo, ndipo anali atalonjeza kuti galimoto yawo ndiyo idzanyamule mkwatibwi. Thanki inali pafupi kuuma. Anabwera ku galaja ndi chigubu chimene anagula kwa munthu wina wolumbira pa Mulungu kuti ndi petulo weniweni. Ndinadontheza pangʼono pa pepala loyera nʼkuliika padzuwa. Petulo weniweni amauma osasiya chizindikiro, koma apa panatsala banga la mafuta. A Mhango analiyangʼana, nʼkupereka chigubucho kwa mlonda kuti akayatsire nyali. Petulo wa ukwati tinamupopa mʼgalimoto ya a Rashidi eni ake, amene anadandaula mlungu wathunthu koma anabwera ku ukwatiko ndi mpunga thumba lonse. Iwe unkalira ndi chisangalalo kumbuyo, sunadziwe zonsezi. Pofika nthawi imeneyo a Mhango sanalinso kasitomala chabe. Amayi anu atagonekedwa mʼchipatala anabwera kudzapemphera, ndipo Loweruka lililonse ankakhala pa benchi ya mʼgalaja kumanditsutsa za mpira.

Chaka changa cha makumi atatu ndi chimodzi pa ntchito

Atapuma ntchito anatuluka mʼnyumba ya boma nʼkusamukira ku nyumba imene anamanga ku Area 43. Ndi chaka chimenecho pamene galimoto inayamba kubwera ndi mabala. Loyamba linali kukalika pa bampala, ndipo anati geti la nyumba yatsopano nʼlopapatiza. Lachiwiri linali tayala longʼambika mʼmbali, anati ngalande anaikumba molakwika. Kenako galasi loonera kumbuyo linathyoka, anati wakabaza. Dokotala amawerenga thupi, makaniko amawerenga galimoto, ndipo ine ndinaona kuti mabala onsewo anali mbali imodzi, kumanzere. Ku Area 43 eni nyumba amayenda pa galimoto, koma antchito awo, alonda, ophika ndi olera ana amalowa wapansi mʼmawa uliwonse, mʼmphepete mwa msewu, kumanzere komweko. Ndinadziwa, koma ndinapenta bampala nʼkukhala chete.

Galasi lachiwiri litathyoka ndinapeza ulusi wa chitenje utakodwa pa chitsulo chake. Masana ake kunabwera Tiwonge, mwana wawo wamkazi wogwira ntchito ku banki ku City Centre, amene ndinkamudziwa kuyambira ali wa yunifomu ya sukulu. Anakana mpando. Anandiuza kuti bambo ake anagunda mayi wina wantchito pa mkono, mwamwayi sanathyoke, ndipo iwo sanaime chifukwa sanamuone nʼkomwe. Anali atawatengera kwa dokotala wa maso miyezi itatu mʼmbuyomo. Maso awo ankafa kuyambira mʼmbali, moti ankaona za kutsogolo zokha, ngati munthu wosuzumira mʼpaipi, ndipo matendawo sabwerera mʼmbuyo. Dokotala anawaletsa kuyendetsa, iwo anati dokotalayo ndi mwana wa dzulodzuloli.

"Tsono akhazikeni pansi monga banja," ndinatero.

"Ndani awauze, ankolo? Kwathu mwana wamkazi sangaime pamaso pa adada nʼkunena kuti simukuona. Akulu awo amene akanawauza anamwalira. Azichimwene ali kunja, pa foni amangoti yes dad. Munthu amene amamumvera pa za galimotoyi ndi inu nokha."

"Ndiye ndiwauze ine?"

"Ayi, akakwiya adzangopita ku galaja ina nʼkumayendetsabe. Ipheni galimotoyo. Muwauze kuti yawonongeka, chitsulo chake chikusowa. Akazolowera kuyendetsedwa, aiwala." Anagwada pa simenti ya girisi ndi siketi yake ya ku ofesi. "Ankolo, adzapha mwana wa munthu. Kodi mukufuna adada akafere ku ndende?"

Ndikufuna mumve bwino apa, chifukwa nʼkosavuta kuloza chala Tiwonge. Iye anapempha, koma amene anasankha ndi ine. Njira yoongoka inalipo, kupita ku Area 43, kukhala pansi ndi mnzanga nʼkumuuza zimene mabala a galimoto anandiuza. Ndinachita manyazi. Ndinadzifunsa kuti ine wa ovolosi ndine ndani kuti ndiuze munthu amene ankalangiza nduna kuti maso ake atha. Ndinaopanso kuti ndikatero Loweruka lathu la pa benchi litha. Akulu anati mbewa ya manyazi inafera ku una, ndipo mwambiwo ndinkaudziwa bwino lomwe tsiku limenelo. A Rashidi sindinawafunse nzeru, chifukwa yankho lawo ndinkalidziwa kale.

Galimoto itabwera kudzaikidwa galasi, ndinazula fyuzi ya pampu ya petulo, kanthu kakangʼono ngati chikhadabo, nʼkukaika mʼthumba la ovolosi. A Mhango atabwera kudzaitenga, injini inangotembenuka osalira. Ndinatsegula boneti, ndinagwiragwira mawaya, ndinapukusa mutu monga timachitira. Mawa lake ndinawauza kuti kompyuta yolamulira injini yapsa, ndipo ina iyenera kuchokera ku Japan. Anatambasula dzanja, monga tinawazolowezera kwa zaka zonsezo. "Yakufayo ili kuti?" Ndinalowa mʼsitolo, ndinatenga kabokosi kakale ka galimoto ya mtundu wina nʼkuwapatsa. Anakatembenuza, anakayandikiza kumaso, anakanunkhiza, nʼkuti, "Zoonadi, kakununkha kupsa." Ndinadalira maso awo akufawo kuti bodza langa lidutse. Pa zonse zimene ndinachita pa moyo wanga, chimenecho ndicho chimandichititsa manyazi kwambiri.

Galimoto inakhala pakona ya galaja pansi pa lona miyezi isanu ndi iwiri. Tiwonge ankawasiya pa geti Loweruka lililonse. Ankavundukula lona, kuipukuta ndi kansalu kawo, kulowa mkati nʼkukhala pa chiwongolero theka la ola, kenako nʼkufunsa, "A Injiniya, a ku Japan ayankha?" Ine ndinkasintha nkhani, lero sitima yachedwa, mawa atumiza yolakwika. Bodza lili ngati lole yakale, tsiku lililonse limafuna kukonzedwa. Lolemba lililonse ndinkabwezera fyuzi mwakabisira nʼkuiliza kuti batire isafe ndi oyilo azungulire, pakuti tabo ikakhalitsa osazungulira imawonongeka. Sanaiwale monga ankaganizira Tiwonge. Za mpira anasiya kutsutsa, kolala ya shati inayamba kuwakulira, ndipo tsiku lina ndinawamva akudziimba mlandu kuti mwina anazimitsa msanga tsiku lina osadikira mphindi zake. Ndinawauza kuti sanalakwe chilichonse, ndipo pa miyezi yonseyo mawu oona amene ndinawauza anali amenewo.

Loweruka la bokosi

Ndinaiwala kuti ndikunamiza munthu amene anatha zaka makumi atatu akulondola mafayilo otayika mʼboma. Loweruka lina la mwezi wa Okutobala, kukutentha, analowa pa geti atanyamula bokosi lomatidwa ndi zilembo za Chijapani, nkhope ikuwala. Anali atatenga nambala ya galimoto mʼkabuku kawo kaja, nʼkupempha munthu wina wa ku mpingo kwawo kuti aitanitse kompyutayo mwachindunji, osauza Tiwonge, osauza ine. "Ndinaona kuti akuvutitsani mokwanira, a Injiniya. Nayi. Ikani, lero tipite ku Mchinji."

Amakaniko onse anasiya ntchito kuti aone. Ndikanatha kutenga bokosilo nʼkunena Lolemba kuti nayonso yalakwika, ndipo mwina akanakhulupirira. Koma ndinayangʼana mmene anafungatira bokosilo ndi chimwemwe, ndipo mphamvu zonamanso zinandithera. Ndinawapempha kuti tilowe mʼsitolo. Ndinatseka chitseko, ndinapisa mʼthumba, ndinatenga dzanja lawo nʼkuikamo fyuzi ija.

"Ichi nʼchiyani?"

"Chitsulo chimene ndinachotsa pa galimoto yanu, bwana. Chokhacho. Galimotoyo ilibe vuto, sinakhalepo ndi vuto."

Anaifinya pakati pa zala kwa nthawi yaitali. "Ndipo kabokosi kamene munandipatsa kaja?"

"Kanali ka galimoto ina."

"Munadziwa kuti sinditha kuwerenga nambala yake."

"Ndinadziwa, bwana."

Sanafunse kuti wandituma ndani, ndipo ine sindinatchule dzina. Ndinawauza za mabala a kumanzere, za ulusi wa chitenje, za mayi amene anamugunda osamuona. Zonse zimene ndinayenera kunena miyezi isanu ndi iwiri mʼmbuyomo ndinazinena mʼmphindi zisanu, ndipo sizinali zovuta monga ndinkaopera. Iwo anangoti, "Bwezerani."

Ndinabwezera. Analowa, anapotokola kiyi, ndipo injini inalira kamodzi kokha, bwinobwino, moti aliyense mʼgalajamo anamva kuti sinagone miyezi isanu ndi iwiri. Geti linali lotsegula. Ndinawerama pa zenera lawo nʼkunena kuti, "Bwana, galimoto ndi yanu, sinditseka geti. Koma musanachoke, osatembenuza mutu, mundiuze amene waima kumanzere kwanu." Anali a Rashidi, amene panthawiyo anali atakalamba, atatsamira ndodo pafupi ndi nyali ya kutsogolo, atavala mkanjo woyera umene mwana aliyense akanauona ali kutsidya la msewu. A Mhango anayangʼana kutsogolo. "Palibe munthu," anatero. Kenako anatembenuza mutu pangʼonopangʼono mpaka anakumana maso ndi a Rashidi.

A Mhango anazimitsa injini, anatuluka, anakonza tayi. Atayamba kulankhula sanakweze mawu, ndipo bwenzi zili bwino akanandilalatira.

"A Kamwendo, mukanandiuza kuti maso anga afa, ndikanakukwiyirani mlungu umodzi, mwina mwezi. Koma munandiuza kuti galimoto yanga yafa, ndipo ndakhala ndikuilira miyezi isanu ndi iwiri inu mukundionerera. Mwana wanga ndimʼkhululukira, ndi mwana, anachita mantha. Inu ndinkakuyesani mnzanga."

Anapempha a Rashidi kuti awapezere munthu wowayendetsa kupita kunyumba, wina aliyense kupatula ine. Anakhala kumpando wa kumanzere, bokosi lija lili pamiyendo. Atachoka, a Rashidi anandiyangʼana nthawi yaitali, ndipo ndinkadikira kuti andichotse ntchito. Anangoti, "Wapulumutsa ana a eni, Kamwendo, koma wadutsa njira ya mbala," nʼkulowa mu ofesi.

Zaka zotsiriza, ndi lero

A Mhango sanagwirenso chiwongolero. Analemba dalaivala wowapititsa ku tchalitchi ndi ku chipatala, ndipo galimotoyo inkakonzedwa ku galaja ina. Ndinapita ndekha kwa makaniko wa kumeneko kukamuuza za oyilo wake ndi tsiku limene lamba anasinthidwa, nʼkumupempha kuti asanene kuti ndinabwera. Ndinawalembera kalata yopepesa, Tiwonge anawawerengera, yankho silinabwere. Tinakumanapo kawiri, pa maliro ena ndi ku City Centre, ndipo anandipatsa moni waulemu wonse, wa munthu amene mukumudziwa dzina lokha. Anakhala ndi moyo zaka zina zinayi. Atamwalira ndinakwera basi mpaka ku Rumphi, ndinakhala kumbuyo ndi anthu wamba, ndipo ndinalira kuposa mmene ndinkayembekezera. Galimotoyo ana anaigulitsa kwa munthu wina wokonda liwiro, amene anaipha tabo mvula isanagwe.

Mpaka lero sindinongʼoneza bondo kuti ndinawachotsa pa msewu. Anthu amene ankayenda mʼmphepete mwa msewu wa ku Area 43 anafika ku ntchito zawo ndipo anabwerera kwa ana awo. Chimene chimandidya ndi chakuti ndinawaona ngati munthu wosatha kusenza zoona, pamene zoonazo anazisenza mʼmphindi imodzi, pamaso pa galaja yonse, tayi ili pakhosi.

Tsono ndifike pa chimene chandilembetsa mutu uno msanga, ndisanamalize wa ku Kasungu. Milungu itatu yapitayo makiyi a pikapu yanga anasowa. Iwe Chisomo unandithandiza kuwafuna pansi pa mipando ndi khama lochititsa chidwi. Iwe Madalitso unati makiyi a mtundu umenewo ngovuta kusula, tidikire. Amayi anu, amene pa zaka makumi anayi sanasowetsepo ngakhale singano, akuti sakudziwa kanthu. Ana inu, mukunamiza katswiri. Ndikudziwa kuti mwezi watha ndinagunda mtondo wa pa geti, ndikudziwanso kuti chikwangwani cha pa mphambano ndimachiwerenga chifukwa ndinachiloweza.

Lamlungu likudzali mubwere nonse mukatuluka ku tchalitchi. Mubweretse makiyiwo muwaike patebulo, mukhale pansi, mundiuze pamaso. Ndikalipa, mukundidziwa, mwina nditchula ndi za sukulu fizi zomwe. Mupirire, zitha. Koma makiyiwo ndikufuna ndikupatseni ndekha, ndi dzanja langa.